Tsiku Limene Ndinalowera Khomo Lakumaso

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi Amayi. Bondo lija lili bwanji? M'kalata yapitayi mlongo wanga analemba kuti mwayamba kuyendera ndodo, koma alendo akabwera mumaibisa kuseri kwa chitseko. Musamaibise, Bambo. Miyendo imeneyo inayenda zaka makumi atatu ndi chimodzi ikunyamula makalata a anthu ena, ndiye ikatopa si mlandu. Nanga chifuwa cha Amayi chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chandikakamira chiyambire kuzizira.

Ndikudziwa kuti maso anu sakugwiranso zilembo zing'onozing'ono, ndiye akukuwerengerani ndi mlongo wanga. Iwe mlongo wanga, uwerenge zonse, usadumphe pamene pali manyazi anga. Ndimakudziwa, umakonda kundikometsera nkhani pamaso pa Bambo. Ino yokha ndikufuna aimve mmene inachitikira.

Kuno kukuzizira zoopsa. Dzuwa limatuluka mochedwa, limangosuzumira pang'ono n'kubwerera. Madzi a mumpopi wa panja amauma gwaa, ndipo m'mawa msewu umaterera moti munthu wamkulu ndi ndevu zake amayenda mogwira makoma. Ndimagona m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Mwini nyumba ndi mayi wachikulire, wamtima wabwino koma wamafunso. Anandifunsa kuti dziko lathu lili pati, ndiye anabweretsa mapu ake, koma pamalo pathu panali dzina lija la atsamunda. Ndinapempha pensulo, ndinalifufuta, n'kulembapo lathu. Tsopano alendo ake akabwera amawaonetsa, amati onani, dziko latsopano, mwini wake amagona pamwambapa.

Munafunsa za kuntchito. Mukamva kuti ofesi ya kazembe musaganize chinyumba chachikulu. Ndi zipinda zitatu, pamwamba pa dokotala wa mano. Mbendera yathu imapachikidwa pawindo, ndipo amene amaipachika m'mawa uliwonse ndine. Nthawi zina munthu amagogoda atagwira tsaya lotupa, ife n'kumuuza mwaulemu kuti kuno ndi boma, mano ndi pansipa.

Tilipo anthu asanu. A Kazembe ndi munthu wofatsa, kale anali mphunzitsi, ndipo mpaka lero akakwiya amagogoda tebulo ndi rula. Wachiwiri wawo ndi mlembi wamkulu, amene tinamupatsa dzina loti a Ndime, chifukwa sangakuuze ngakhale za tiyi osatchula ndime ya lamulo. Palinso mayi wotayipa makalata, dalaivala, ndi ine mesenjala. Dziko lonse lathu, kwa anthu a kuno, ndi anthu asanu amenewa basi. Ndikaganiza zimenezi ndimapukuta nsapato kawiri.

Nkhani ya bwalo la ndege mwaimva pa wailesi, koma ndikufuna ndikuuzeni mmene ife tinaionera kuno. Tikulandira ufulu, panatsala pangano loti asilikali a dziko lino akhalebe pabwalo lathu la ndege kwa zaka ziwiri. M'panganomo munali ndime yachisanu ndi chiwiri, imene a Ndime ankatiimbira ngati nyimbo. Ndimeyo imati ngati boma lathu silinalembe kalata yokana, n'kuifikitsa ku unduna wawo woona za maiko akunja 12 koloko masana isanakwane pa tsiku lomaliza la mwezi watha, ndiye kuti tavomera, ndipo asilikaliwo akhala zaka zina khumi. Kukhala chete kunali kuvomera.

Kwathuko nduna zinakangana milungu yambiri. Ena ankati tisawakwiyitse, atilonjeza msewu wa phula. Ena ankati ndi ufulu wanji umenewo, mbendera yako koma pachipata pali mfuti ya mnzako. Mlongo wanga anandilembera kuti inunso munakangana ndi amalume pakhonde mpaka tiyi anazizira, inu mukuti asiyeni akhale, sanatilakwire kanthu. Sindikukutsutsani, Bambo. Ndikungonena kuti pamene inu munkakangana pakhonde, ife kuno tinkangoyang'ana kalendala, masiku akutha, yankho osabwera.

Tsopano ndiyambe kuulula. Mukukumbukira tsiku limene ndinalembedwa ntchito, munandikhazika pansi n'kundiphunzitsa umesenjala. Munati kalata imagwiridwa ndi manja awiri. Munati mesenjala sawerenga zimene wanyamula ndipo saima panjira kucheza. Munati ukafika pa ofesi ya akuluakulu, zungulira kuseri, gogoda kawiri, vula chipewa, usakhale pansi ngakhale mpando ulipo. Ndipo lomaliza, limene munalibwereza katatu, munati usasiye envulopu cholembera chisanagunde buku losainira. Malamulo amenewa ndinawatenga onse, ndinakwera nawo ndege, osasiyako ndi limodzi lomwe.

Ndiye tsiku loyamba kutumidwa ku unduna wawo uja, miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndinaona chinyumba cha zipilala zikuluzikulu, masitepe ambirimbiri, asilikali awiri pakhomo. Sindinafunse munthu. Ndinadziwa ndekha kuti khomo limenelo si langa. Ndinazungulira kakhwalala ka m'mbali mpaka ndinapeza khomo lakuseri, kumene amatsitsira malasha, mkaka ndi nsalu zochapa. Kumeneko kuli mlonda wachikulire amene ndinamutcha Chindevu, chifukwa pakamwa pake sipaoneka. Ndinagogoda kawiri, ndinavula chipewa, iye anasaina buku langa n'kuponya kalata m'dengu. Ndinabwerera ndikudzitama kuti ntchito ndikuidziwa.

Miyezi yonseyi ndinkachita zomwezo. Chindevu tinazolowerana, masiku ozizira ankandipatsa tiyi m'kapu yachitsulo. Koma ku ofesi kunali dandaulo. Mayankho a makalata athu ankachedwa kwambiri, ena ankabwera nkhani yake itatha kale. A Ndime ankati anthu awa akutiderera chifukwa ndife dziko laling'ono. A Kazembe anafika polembera kwathu kudandaula kuti boma la kuno silikutipatsa ulemu. Ine ndinkamva zonsezi ndikupukuta mawindo, n'kumagwedeza mutu kuvomereza kuti zoonadi, anthu awa ndi amwano.

Tsiku lomaliza la mwezi linafika yankho lisanabwere. M'mawa umenewo palibe anamwa tiyi. A Kazembe ankangoyendayenda ndi rula m'manja. Itadutsa 9 koloko, telegalamu inafika. Inali ya manambala okhaokha, monga zimakhalira nkhani zachinsinsi za boma, ndiye a Ndime anatsegula sefa, bokosi lathu lachitsulo, anatulutsa kabuku kawo komasulira, n'kudzitsekera. Patapita kanthawi anatuluka. Anati Nyumba ya Malamulo yavota, yankho ndi ayi, asilikali azipita.

Mayi wotayipa anayamba kulira, kenako anakhala pamakina. Pepala loyamba analakwitsa tsiku, analing'amba. Lachiwiri linatuluka bwino. A Kazembe analiwerenga kawiri, anasaina, a Ndime anadinda chidindo cha boma pakalata ndi pa envulopu, ine ndinamata envulopu. Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana 11 koloko.

Apa ndiye galimoto inakana kulira. Usiku wake kunazizira kwambiri ndipo injini inangoti zii. Dalaivala anaipempha, anaitukwana, anaimenya ndi chipewa, koma ayi ndithu. Mayi wotayipa anati bwanji a Kazembe apite okha pa takisi. A Ndime anakana, anati pakati pa maboma kalata yotere imapita ndi mesenjala ndi buku lake, kazembe akapita osaitanidwa amamuika pa benchi, ndipo zimaoneka ngati wabwera kudzapepesa. Onse anatembenuka kuyang'ana ine.

A Kazembe anandipatsa envulopu ndi manja awo. Anati mwana wanga, kalata iyi ikafike m'manja mwa mkulu woyang'anira nkhani za dziko lathu 12 koloko isanakwane, ndipo iyeyo akalembe nthawi m'buku mwako. Anati lero wanyamula dziko kukhwapa, usaligwetse. Ndinawauza kuti asade nkhawa, njira ndikuidziwa bwino.

Ndinakwera basi, ndinatsika nthawi ili kota pasiti 11. Mumtima ndinati ndafulumira. Miyendo inanditengera yokha m'kakhwalala kaja. Ndinagogoda kawiri, ndinavula chipewa. Chindevu anatsegula akumwetulira, anati lero wabwera nthawi yabwino, ketulo yangowira kumene. Ndinamuuza kuti lero tiyi ayi, ndipo ndinamupempha kuti andiitanire mkulu wa pamwamba kuti adzasaine yekha n'kulemba nthawi.

Chindevu anaseka. Anati mkulu wa pamwamba sanatsikepo kuno chibadwire. Anati ponya m'dengu monga mwa masiku onse. Anatambasula dzanja n'kugwira ngodya ya envulopu, koma ine sindinaisiye, chifukwa cholembera chinali chisanagunde buku. Ndinamufunsa kuti kodi dengu limeneli limakwera nthawi yanji. Anati 2 koloko, anthu akabwera kokadya, kenako limapita kuchipinda chosankhira makalata, ndipo kalata imafika pa tebulo la mwini wake mawa kapena mkuja, akaiwala ndiye mlungu wamawa.

Bambo, ndinayang'ana dengu lija. Nthawi yomweyo ndinadziwa amene ankachedwetsa mayankho athu miyezi yonse ija. Sanali anthu amwano ayi. Ndinali ine, mwana wanu, ndi chipewa changa m'manja.

Ndinamuchonderera kuti akwere nayo yekha. Anati sangasiye khomo, ndipo anthu akuseri saloledwa kudutsa chitseko cha m'kati. Kenako anaweramira envulopu ija, anayang'anitsitsa chidindo, mwina koyamba chiyambire. Anandifunsa kuti kodi makalata amenewa amachokera kwa yani. Ndinati ku boma la dziko langa. Anagwira mutu ndi manja awiri. Anati iye ankayesa ndine wa kusitolo yogulitsa mapepala ndi inki, chifukwa cha mmene ndimaimira. Anati maboma salowera kuno, maboma amalowera kumaso, pakati pa zipilala, ndipo pali tebulo lawolawo la makalata a akazembe. Anandifunsa kuti nanga iwe unkadzatani kuno kwa malasha. Ndinangoti ndi mmene ndinaphunzirira.

Anandikankha paphewa, anati thamanga. Wotchi yake inkati patsala mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Chinyumba chimenecho n'chachikulu, kuchizungulira ndi ulendo. Ndinathamanga pamsewu woterera uja. Pangodya ndinaterereka n'kugwa, koma envulopu ndinaikweza m'mwamba, sinagunde pansi. Buluku linang'ambika pabondo. Munthu wina anafuna kundidzutsa, ine ndinali nditapita kale.

Nditafika pansi pa masitepe akumaso, miyendo inaima. Ndikunena zoona, ndinachita mantha. Sikuti ndinkaopa asilikali aja. Ndinakumbukira nkhani imene munkatiuza, ya tsiku lija la mvula yamkuntho, pamene munadutsira pakhonde lakumaso la ofesi kuti kalata isanyowe, bwana n'kukuonani, n'kukuimitsani pabwalo mvula ikukuthirani mpaka nthawi yoweruka, kuti muphunzire khomo lanu. Munkaifotokoza mukuseka, ife n'kumaseka nanu. Pansi pa masitepe aja sinandiseketse. Ndinkamva ngati wina andigwira kolala n'kundifunsa kuti ukupita kuti iwe.

Ndinayang'ana envulopu. Panali chidindo chathu, chimene ndinaona chikudindidwa ndi maso anga. Ndinadziuza kuti kalata iyi ikunena kuti ayi kwa boma lonse la kuno, ndiye ingalowere bwanji kwa malasha. Ndinakwera. Masitepe ndi makumi awiri ndi anayi, ndinawawerenga kuti ndisaganize zina. Dzanja linapita lokha kuchipewa, ndinalibweza. Asilikali aja sanandiyang'ane n'komwe.

M'kati munali motentha bwino, pansi ponyezimira, ine buluku long'ambika, mphuno ikuchucha. Patebulo lalitali panali mayi wa magalasi. Anandifunsa kuti ndachokera ku ofesi ya kazembe wa dziko liti. Ndinatchula dzina la dziko lathu. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira, moti anthu ena anacheuka. Mayiyo anatsegula buku la maina a maiko, anatsitsa chala, ndipo ndinaliona ndekha. Lilipo, Bambo. Lili pakati pa maiko akuluakulu, zilembo zake zofanana ndi za anzake, silinalembedwe mochepetsa ayi. Miyezi isanu ndi itatu dzina lathu linali patebulo limenelo likundidikira.

Anaimba foni pamwamba, kenako anandilozera mpando, anati khalani pansi bambo. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza wina. Ndinakhala, koma chakunsonga. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala kota. Sindinaonepo muvi wa wotchi ukuthamanga chotero.

Patapita mphindi zingapo anatsika mkulu uja, munthu wamtali wa suti yotuwa. Ndinaimirira, ndinamupatsa envulopu ndi manja awiri. Anaigwira n'kukoka, ine osaisiya. Anakokanso, ine ndili gwa. Anandiyang'ana modabwa, ndiye ndinamulozera buku ndi chibwano. Anaseka pang'ono, anatulutsa cholembera, anasaina. Ndinamupempha kuti alembenso nthawi. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, analemba kuti 11.52. Apo m'pamene ndinatsegula zala.

Ataona chidindo anadziwa zimene zili m'kati, ndipo kuseka kuja kunatha. Anati boma lanu lafika pamapeto penipeni, tinayesa simubwera. Ndinangomuyankha kuti ulendo unatalika, bwana. Ndinatuluka khomo lomwelo, ndinatsika masitepe pang'onopang'ono, chipewa chili kumutu. Pansi ndinakhala pa benchi ya basi n'kulira ngati mwana, anthu akundiyang'ana.

Nditafika ku ofesi ndinapeza onse ali pawindo. Buku linadutsa m'manja mwa aliyense. Mayi wotayipa analipsompsona. A Ndime anawerenga nthawi ija mokweza katatu, ngati ndime ya m'Baibulo. Dalaivala ataona bondo langa ananditengera pambali, ndipo ndinamuuza zonse. Anati iwe, khala chete, kalata yafika, ukufuna kudzipalira makala pamutu chifukwa chiyani. Ndinaganiza usana wonse. Koma dandaulo lija a Kazembe analembera kwathu linkandiluma, chifukwa anthu ankanamiziridwa mwano pa cholakwa changa. Madzulo tisanaweruke ndinagogoda pachitseko chawo.

Ndinafotokoza zonse nditaimirira, a Ndime ali pomwepo. A Ndime analusa zedi. Anati miyezi isanu ndi itatu makalata a boma akugona m'dengu limodzi ndi malisiti a mkaka. Anati tikanachedwa mphindi zisanu ndi zitatu zokha, ana athu akanakula akuona asilikali achilendo pabwalo la ndege. Anati munthu wotere akwere ndege yoyamba abwerere kwawo, ndipo anatchula ndime yake. Sindinawatsutse, ankanena zoona. Ndinayamba kuganiza za mmene ndidzakuyang'anireni m'maso ndikafika.

A Kazembe anaisiya rula patebulo, osaigwira. Kenako anandifunsa kuti anandiphunzitsa ntchito ndani. Ndinati bambo anga. Anafunsa kuti anagwira zaka zingati. Ndinawauza. Anafunsanso kuti pa zaka zonsezo analowerapo kangati khomo lakumaso. Ndinati kamodzi, kunja kukugwa mvula, ndipo sanabwerezenso.

Anatembenukira kwa a Ndime n'kuwafunsa ngati tsiku limene ndinayamba ntchito anandiuza khomo lolowera. A Ndime anati sanaganize kuti n'zofunika kunena. A Kazembe anati ndiye vuto lathu limenelo, tinasintha mbendera, tinasintha chidindo, koma palibe anakumbukira kuuza miyendo. Kenako anatiuza chinthu chimene sanauzepo munthu. Anati tsiku limene anakapereka makalata awo a ukazembe kunyumba ya mtsogoleri wa dziko lino, wantchito wa pakhomo anabwera kudzawalandira chikhoti, iwo n'kumupatukira, n'kumuweramira, chikhoti ali nacho chogwira zolimba. Anati wantchitoyo anachita kuwanong'oneza kuti bwana, perekani chikhoti, mlendo wolemekezeka ndinu. A Ndime anayesa kudzigwira koma analephera, anaseka mpaka kutsokomola.

Chilango changa anandipatsa pomwepo. Anati kuyambira lero kalata iliyonse, ngakhale yongothokoza, izilowera kumaso, ndipo akadzamva kuti ndavulira munthu chipewa pamasitepe, ndidzaona rula. Anandilamulanso kugula buluku latsopano. Iwo analembera kwathu kubweza dandaulo lija, ndipo sanatchule dzina langa, anangoti cholakwa chinali cha ofesi yathu.

Yankho la boma la kuno linabwera patangopita masiku awiri, onani kufulumira kwake. Linali lozizira. Avomera kuchotsa asilikali m'miyezi isanu ndi umodzi, koma za msewu wa phula uja akuti aziganiziranso, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo lake. Ndiye mukawauze amalume asavine kwambiri, inunso munali ndi mfundo, fumbi tilimezabe kwa kanthawi. Koma ine ndikunyadira, Bambo, sindibisa. Dziko la zaka ziwiri, la ofesi ya pamwamba pa dokotala wa mano, lanena kuti ayi, ndipo amva. Mawu amenewo anadutsa m'manja mwanga.

Mlungu watha ndinapita kukamutsanzika Chindevu, ndinamutengera paketi ya tiyi. Anakondwa, anati wasowa mnzake wocheza naye. Ndikunyamuka anandifunsa kuti kodi kumasoko m'kati mukuoneka bwanji. Ndinadabwa. Anati wagwira pakhomo limenelo zaka makumi atatu, dziko ndi lake, koma masitepe aja sanawakwerepo. Ndinamufotokozera zonse, za pansi ponyezimira ndi wotchi ya pakhoma, iye akumvetsera ngati ndikunena za kutali.

Musaganize kuti ndikukuimbani mlandu. Munandiphunzitsa zimene zinakusungani pantchito ndi kutilera ife. Ndipo pa malamulo anu onse, lija munalibwereza katatu ndi limene linapulumutsa zinthu. Ndikanasiya envulopu m'manja mwa Chindevu, ikanagwera m'dengu ine n'kumwa tiyi, n'kubwerera ndikuimba mluzu. Ndinawauza a Kazembe zimenezi, ndipo anati ndiye kuti kalata ija tinainyamula anthu awiri.

Tsopano pempho langa, ndi limodzi lokha. Mlongo wanga anandilembera kuti mukapita ku ofesi kuja munkagwira ntchito, mumazungulirabe kuseri, mumaima pawindo la kumbuyo chipewa chili m'manja, ngakhale kuti amene akhala m'katimo tsopano ndi ana a anzanu, ena munawanyamulapo ali makanda. Akuti makalaliki amachita manyazi, amakuitanirani kumaso, inu mumati pano pomwe pali bwino. Nkhani imeneyi kale ndinkaiseka. Pano sindikuiseka.

A Kazembe anajambulitsa tsamba lija la m'buku langa kuti likhale umboni ku boma, ndipo anatsukitsa zithunzi ziwiri. Chimodzi chapita ku unduna wathu kwathuko. Chinacho achiika mu envulopu, alembapo dzina lanu ndi dzanja lawo, adindapo chidindo, ndipo chabwera m'thumba la makalata a boma. Chikafikira ku ofesi yanu yakale ija. Alamula kuti chisaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale mlongo wanga, ndiponso chisaperekedwe pawindo la kumbuyo. Mwini wake akachitenge yekha patebulo lakumaso.

Ndiye ndikukupemphani, Bambo, muvale jekete lanu lija la mabatani, mutenge ndodo yanu poyera, mukakwere masitepe atatu a pakhonde lija anakuimitsirani pamvula. Ndi atatu okha, ine ndinakwera makumi awiri ndi anayi. Mtima ukagunda, muziwawerenga, zimathandiza. Akakupatsani mpando mukhale, ndipo osati chakunsonga ngati ine. Kalaliki adzabwera ndi envulopu ndi buku. Zaka makumi atatu ndi chimodzi munkagwirira anthu ena buku kuti asaine. Ulendo uno wina adzakugwirirani inu, ndipo sadzasiya envulopuyo mpaka cholembera chanu chitagunda pepala.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti sikafu ija anandilukira ndi imene ikundisunga moyo kuno. Moni kwa amalume, akangane nanu pang'onopang'ono. Moni kwa azakhali, kwa alamu anga, ndi kwa adzukulu anu onse, amene ndamva kuti wamng'ono wayamba kuyenda. Iwe mlongo wanga, zikomo powerenga, ndipo ngati wadumpha pena Mulungu akukuona. Tsiku limenelo uwaperekeze Bambo mpaka pansi pa masitepe, koma usawagwire dzanja, akwere okha.

Mukasaina, Bambo, mukayang'ane wotchi ya pakhoma n'kulemba nthawi pambali pa dzina lanu. Mudzandiuze m'kalata yanu kuti inali nthawi yanji.

Ndine mwana wanu,
mesenjala wachiwiri wa m'banja mwanu,
amene mumamutcha Kaliwiro